Kandege, ma predictor ndi ndalama ya mpamba: zokambirana pa gulu la Amalawi a mu Harare

Mnyamata wa ku Epworth: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Pepani ndikudziwa kuti gulu lino ndi la za maliro ndi zotumiza katundu kumudzi koma ndili ndi kafunso, alipo anayesapo ma predictor a kandege aja, gemu yobetcha ija ya Aviator yomwe nambala imakwera ndege ikamauluka ndipo uyenera kutulutsa ndalama isanathawe? Pali munthu wina pa Telegram akuti ndimutumizire $15 pa EcoCash andipatsa app yomwe imaneneratu pomwe ndege ithawire raundi isanayambe, wanditumizira mavidiyo ndipo zikuoneka kuti akudya ndithu. Ndimafuna ndimve kaye kwa inu ndisanatumize.

Admin: Funso lili bwino mphwanga, ambiri pano akusewera zimenezi mwakachetechete. Kambiranani koma mwaulemu, ndipo pasapezeke oponya ma link.

Wokonza mafoni pa Gulf: Usatumize aise, chonde usatumize. Ine ndimakhala pa benchi tsiku lonse kutsegula mafoni a anthu, ma app amenewo ndimawaona pafupifupi sabata iliyonse. Ambiri sapezeka pa Play Store, amakutumizira kafayilo ka APK, ukamaika kamapempha chilolezo chowerenga ma SMS ndi ma contact ako, iwe chifukwa cha changu umangodina allow allow. Ndiye taganiza, ma code a ku banki ndi a mobile money amabwera pa SMS pomwepo. Wina anabwera foni ikutentha ngati yagwera pa mbaula, batire kutha pa ola limodzi, nditayang'ana ndinapeza ka app ka predictor kakugwira ntchito kuseli usiku ndi usana. Manambala omwe kamaonetsa kamangowapeka.

Mnyamata wa ku Epworth: Koma achimwene mavidiyo aja akuonetsa app ikunena 4.20x ndipo ndege ikuthawadi pa 4.20x, zimenezo akupanga bwanji

Wokonza mafoni pa Gulf: Amajambula kaye gemu ikuseweredwa, kenako manambala a pa app amawalemba pambuyo atadziwa kale zotsatira, nkulumikiza mavidiyo awiriwo. Mwana wa Form 2 atha kupanga zimenezo pa foni. Ndipo dzifunse wekha, munthu amene akudziwa pomwe ndege ithawire akulimbana nawe chifukwa cha $15 yako bwanji, si bwenzi ali phee akudya yekha?

Aphunzitsi: Ndionjezereko pa zomwe anena a ku Gulf. Aviator anapanga ndi a kampani ya Spribe, inatuluka mu 2019, ma kampani obetchetsa a kuno, a ku Malawi ndi kwina konse amangoitenga nkuiika pa ma site awo. Nambala yomwe ndege ithawire imachokera pa manambala achinsinsi osakaniza, ina ya ku seva ya kampaniyo, zina za mafoni a anthu atatu oyambirira kubetcha mu raundi imeneyo. Ndiye anthu atatuwo asanabetche nambalayo kulibe, palibe app ingaidziwe. Raundi ikatha utha kudina pa history nkuona mmene inapangidwira, koma ikatha, osati isanayambe.

Dalaivala wa thiraki: Za ma predictor ndikuvomereza ndi akuba. Koma aphunzitsi musanene kuti gemu ija ilibe kawerengedwe. Ine ndimaiona nthawi yaitali tikamadikira mapepala pa Nyamapanda kapena pa Mwanza, nthawi zina tsiku lonse tili pa mzere, palibe chochita koma foni. Ikabwera ma blue (maraundi othawa isanafike 2x) asanu kapena asanu ndi limodzi motsatana, dziwani kuti purple (kuyambira 2x) kapena pink (kuyambira 10x) ili pafupi. Ine ndimadikira pamenepo ndiye ndimalowa.

Aphunzitsi: Achimwene ndikumva, ndipo maso amaonadi choncho, koma gemu ija siikumbukira raundi yapita. Ma blue khumi atha kudutsa, raundi yotsatira mwayi wake uli chimodzimodzi ngati poyamba paja. Chimachitika nchoti tsiku lomwe pink yabwera pambuyo pa ma blue mumalikumbukira bwinobwino mpaka kuuza anzanu, koma masiku omwe ma blue anangopitirira mpaka balance kutha mumawaiwala. Tonse mitu yathu imagwira choncho.

Tiyeni ndikupatseni masamu ake pang'ono, musatope nane. Eni ake analemba okha kuti gemuyi imabweza 97%. Kutanthauza kuti pa $100 iliyonse yomwe anthu onse pamodzi abetcha, $97 imabwerera kwa osewera, $3 imatsala kwa kampani. Kuti mudziwe mwayi woti ndege ifika pa nambala yomwe mukufuna, tengani 97 mugawe ndi nambalayo. Kufika 2x ndi ka 48 ndi theka pa maulendo 100, onani kuti sikukwana theka. Kufika 1.5x ndi pafupifupi ka 65 pa 100. Kufika 10x, pink yanu ija, sikukwana ka 10 pa 100. Kufika 100x ndi pafupifupi kamodzi pa 100. Ndipo pali maraundi ena imathawa pa 1.00x pomwepo, chala chisanasunthe nkomwe, aliyense wadyedwa.

Telala wa ku Mbare: Aphunzitsi 3% yokhayo? Nanga si yochepa imeneyo, ngakhale potumiza ndalama kumudzi pa Mukuru timalipira kenakake

Aphunzitsi: Funso labwino bambo, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezekera. Potumiza ndalama mumadulidwa kamodzi basi. Pa kandege 3% ija siili pa ndalama yomwe mwaika mu akaunti, ili pa ndalama iliyonse yomwe mwabetcha, raundi iliyonse. Mwaika $20, mukubetcha $1 $1, mukadya mumabwezanso momwemo. Maraundi aja ndi achangu, pa ola limodzi 100 amakwana bwinobwino. Ndiye pa ola limenelo mwabetcha $100 ngakhale munaika $20 yokha, ndipo gawo la kampani ndi $3. Maola asanu ndi $15. Zili ngati kubwereza ufa womwewo m'chigayo kambirimbiri, ulendo uliwonse pang'ono kamatsalira m'makinamo, pomaliza thumba lapepuka koma simunaone pomwe watayikira. Tsiku limodzi mutha kutuluka ndi phindu, inde zimachitika, koma mukamachulukitsa maraundi mpamene masamu aja amakupezani.

Telala wa ku Mbare: Ine ndinene zoona, ndimasewera, sindibisa. Koma ndili ndi malamulo anga omwe sindiphwanya. Loweruka ndikatseka shopu ndimapatula $5, imeneyo ndi yomwe kale ndinkamwera mowa, pano mowa ndinasiya chifukwa cha BP. Ndalama imeneyo imakhala pa laini ina, simu khadi ya payokha, yosalumikizana ndi ya bizinesi pomwe makasitomala amalipirira ma yunifolomu. Ndimabetcha masenti 10 kapena 20 pa raundi, auto cash out ndinaika pa 1.5x ndipo sindiigwiranso, chifukwa ndinaona kuti ukamadina wekha mtima umati dikira pang'ono, dikira pang'ono, mpaka yathawa. Ikatha $5 ija ndatseka mpaka Loweruka linalo. Ikafika $10 ndimatulutsa yonse nkugula nyama ya Lamulungu. Ndipo ndimaika alamu ya mphindi 40, ikalira basi, kaya ndili pamwamba kaya pansi.

Dalaivala wa thiraki: Masenti 10 bambo? kkkk ndiye mudzadya liti

Telala wa ku Mbare: Sindikufuna kudya achimwene, ndalama yanga imachokera pa makina osokera. Apa ndimangopumulitsa mutu.

Aphunzitsi: A telala anena chinthu chomwe ndimafuna aliyense amve. Dongosolo lawo ndi labwino osati chifukwa limawinitsa, ayi, pa 1.5x paja mukasewera $1 maraundi 100 mudya ka 65, phindu lake $32 ndi masenti, koma muluza ka 35 yomwe ndi $35, mwatsalirabe kumbuyo. Ubwino wake ndi woti akudziwiratu kuti zikavuta kwambiri sabata imeneyo ataya $5 basi, renti ili pomwepo, ulusi ndi nsalu zili pomwepo. Ndipo kubetcha kochepa poyerekeza ndi ndalama yonse, kagawo kamodzi kapena awiri pa 100, kumapangitsa kuti mzere wa ma blue usakumalize nthawi imodzi. Koma wina asatenge zimenezi ngati njira yopezera ndalama ya fizi.

Dalaivala wa thiraki: Chabwino nanga iyi. Ine ndimayamba ndi $1 pa 2x. Ndikaluza ndiika $2, ndikaluzanso $4, kenako $8, choncho choncho. Tsiku lomwe idzagunde ndabweza zonse ndi $1 pamwamba. Ndege siingathawe pansi pa 2x mpaka kalekale, iyenera kugunda basi. Pamenepa masamu anu akuti chani?

Aphunzitsi: Imeneyo ndi yakale kwambiri, amaitcha Martingale, anthu akhala akuiyesa m'ma casino kwa zaka mazana. Tiyeni tiwerenge limodzi. 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64. Mukaluza ka 7 motsatana mwataya $127, ndipo kuti mupitirize mukufunika $128 ina m'manja, zonsezi kuthamangitsa phindu la $1. Ndiye funso ndi loti kuluza ka 7 motsatana pa 2x kumachitika kangati? Pafupifupi kamodzi pa maulendo 100 omwe mwayamba mzerewo. Kutanthauza kuti mudya $1 $1 kwa masiku angapo mukumva kukoma, mwina kufika $80 kapena $100, kenako usiku umodzi $127 yapita pa mphindi zosakwana zisanu. Ndiponso ma site onse ali ndi malire a ndalama yomwe ungabetche pa raundi imodzi, ndiye ngakhale mutakhala ndi thumba lalikulu pali pomwe adzakuimitsani.

Dalaivala wa thiraki: Ka 7 motsatana ine sizinandichitikirepo

Wokonza mafoni pa Gulf: Tsegulani history pompano achimwene mupite mmwamba muwerenge ma blue, mupeza mzere wotalika choncho lero lomwe. Komanso inu mumasewerera pa boda pomwe netiweki imadukaduka, tsiku lina idzakuthawani muli pa $32 musanadine.

Mnyamata wa ku Epworth: Nanga zobetcha pawiri zija, ina kutulutsa pa 1.5x ina kuisiya ipite mpaka 10x, ena amati imeneyo ndiye yotetezeka

Aphunzitsi: Ndi mabetcha awiri osiyana mphwanga, iliyonse ili ndi 3% yake. Sizitetezana. Chomwe chimasintha ndi mmene mtima ukumvera, koma ndalama yomwe ukuponya pa raundi yachuluka kawiri.

Achemwali a ku Highfield: Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma mtima ukundiwawa. Inu mukukamba ma 1.5 ndi ma 2x, ine ndikuuzeni mmene zimaonekera kunyumba. Bambo a ana anga ndi munthu wabwino, samwa, samenya, amagwira ntchito ya ulonda ku Msasa. Anayamba ndi masenti omwewo a telala akunenawa. Ine ndinkadzuka 2 koloko usiku kuona kuwala pansi pa bulangeti, munthu wadzifunditsa mutu wonse, foni ili pamphuno, akupuma ngati akuthamanga. Ndikafunsa amati akuona mpira. Kenako anayamba kukwiya ndi zinthu zopanda pake, mwana akapempha ya kombi mpaka kukalipa. Mwezi wina landilodi anabwera pakhomo kudzafunsa renti yomwe ine ndinkadziwa kuti inalipiridwa kalekale, ndinachita manyazi osaneneka, ndinangoti pepani bambo tikuonani mawa. Usiku umenewo mpomwe zonse zinatuluka, renti ya miyezi iwiri, ndalama yomwe tinkasunga yoti titumize kwa apongozi anga ku Mulanje ya feteleza, ndi ngongole ya katapila pamwamba yomwe inkakula sabata iliyonse. Analira ngati mwana. Ankangoti ndimafuna ndibweze yomwe inapita ndisanakuuze. Ndiye mukamati malamulo malamulo, dziwani kuti nayenso anali nawo malamulo poyamba.

Mai a ku Mabvuku: Pepa mwana wanga, pepa kwambiri. Walimba mtima kunena, ambiri akuvutika chimodzimodzi koma amangofera mkati.

Telala wa ku Mbare: Pepani achemwali. Sindimafuna kuoneka ngati ndikuitanira anthu ku zimenezi. Zoona zake malamulo aja amagwira kwa munthu amene sakuthamangitsa ndalama yomwe yapita. Ukangoyamba kunena kuti ndibweze kaye, palibe alamu ingakuimitse.

Achemwali a ku Highfield: Ndi zomwezo bambo. Pano malipiro ake amalowa kwa ine, iye anavomera yekha, ndimamupatsa ya transport ndi ya chakudya pamanja, ya pepala osati ya pa foni. Foni yaikulu ija tinagulitsa ali ndi kambudzi kongoimbira. Katapila tinamaliza mwezi wathawu. Sikuti zatheratu, masiku ena ndimamuona maso ali pa foni ya mnzake, koma tikuyenda.

Agogo a ku Tafara: Ana anga, juga siinayambe lero. Ife makolo athu anabwera kuno wapansi kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi, ine ndinabadwira pa komboni ya pa famu. Tsiku la malipiro amuna ankakhala kuseli kwa nyumba ndi makhadi, ena ankadyetsa malipiro onse a mwezi mpaka jekete ndi njinga, ndipo alipo ambiri amene sanabwererenso kumudzi chifukwa cha manyazi obwerera chimanjamanja, anakhala matchona mpaka kufera konkuno. Koma nthawi imeneyo kukada anthu ankabalalika, mkazi ankatha kupita kukamukoka mwamuna wake pagulupo, anthu onse ankaona. Izi zanuzi zili m'thumba, sizitseka, palibe akuona, munthu akudyedwa ali m'tchalitchi. Ine nzeru za masamu ndilibe koma ndikuti amene sanayambe asayambe.

Admin: Zikomo agogo.

Dalaivala wa thiraki: Agogo ndamva ndipo ndikulemekeza mawu anu. Koma tisanamizane, alipo anthu amadya. Mnzanga wina tili naye pa Tete anaika $2 inakwera mpaka 80x ndikuona ndi maso angawa, $160 pompo, anagula matayala a galimoto yake yaing'ono.

Aphunzitsi: Palibe akukana achimwene, amadya ndithu, 97% ija imapita kwa anthu. Kupanda owina bwenzi gemu itafa kalekale, ndipo nchifukwa chake pambali pa sikirini amakuonetsani mndandanda wa omwe akudya, dzina ndi ndalama, kuti mtima uzidumpha. Funso lomwe ine ndimafunsa munthu aliyense wondionetsa screenshot ndi ili, tsegula statement ya EcoCash kapena InnBucks ya miyezi itatu, uwonkhetse zonse zomwe unaika, uwonkhetse zonse zomwe unatulutsa, undiuze kusiyana kwake. Ambiri safuna kuchita zimenezo. Mnzanu uja mufunseni kuti kuyambira tsiku la matayala lija waikamo zingati.

Dalaivala wa thiraki: Hmm akusewerabe, zimenezo sindinamufunse

Wokonza mafoni pa Gulf: China chomwe anthu saona ndi ma bonus. Amakuuza kuti ika $10 tikupatsa ina $10 yaulere, koma pansi pa timalemba tating'ono pali lamulo loti uyenera kuibetcha kangapo konse usanaloledwe kutulutsa. Ndiye ndi zomwe anena aphunzitsi zija, akukukakamiza kuchulukitsa maraundi. Werengani kaye musanadine accept. Ndipo si Aviator yokha, JetX, Spaceman, Mines, Plinko, zonsezi ndi banja limodzi, chithunzi chokha ndi chomwe chimasintha, kampani ili ndi gawo lake pa iliyonse. Munthu asamati kandege yandikana ndiyese ya mabomba.

Mai a ku Mabvuku: Ine ndilankhule ngati msungichuma wa chipereganyu chathu. Chaka chino anthu awiri alephera kuponya pa tsiku lake, ndipo titafufuza bwino nkhani yake inali yomweyi. Wina anali atalandira kale gawo lake, ndiye anzake omwe anali kumapeto kwa mndandanda ndi omwe anavutika. Ndalama ya gulu si yako, ndi thukuta la mzimayi amene wakhala padzuwa pa Mbare Musika kugulitsa tomato kuyambira 4 koloko mmawa. Pano tinagwirizana kuti ndalama ya chipereganyu ndi ya thumba la maliro izibwera ya pamanja Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, isagone pa foni ya munthu ngakhale usiku umodzi. Mukudziwa nokha mtengo wonyamula maliro kuchoka kuno kudutsa Mozambique mpaka kumudzi, sitingasewere nayo ndalama imeneyo.

Aphunzitsi: Mwachita bwino mai. Ndikumbutsenso kuti boma nalo limadyapo. Mu Januwale 2025 nduna ya zachuma a Mthuli Ncube anaika msonkho womwe unali 10% pa ndalama zomwe anthu awina pobetcha, komanso ndalama ikamayenda pa foni pali kamsonkho ka IMTT ndi ma charge a kampani ya foni. Ndiye yang'anani bwino zomwe zafika m'manja poyerekeza ndi zomwe sikirini inaonetsa.

Telala wa ku Mbare: Kwa amene akusewerabe ngati ine, chonde onetsetsani kuti site yanu ili ndi laisensi ya Lotteries and Gaming Board ya konkuno, kumudzi ndi MAGLA. Ma site osadziwika omwe amabwera ndi ma link a pa WhatsApp ukawina akakana kukulipira ulibe kokadandaula. Ndipo lowani ku settings muone ngati pali poika malire a ndalama yomwe mungaike pa tsiku kapena pa sabata, kapena podzitsekera nokha kwa miyezi. Ikani malirewo mmawa mutu uli bwino, osati usiku mutaluza. Ana osakwana zaka 18 saloledwa, koma ndimaona ana a sukulu ali mu yunifolomu yomwe ndinasoka ndekha ataunjikana pa foni imodzi pa siteji ya kombi, akusewerera pa akaunti ya mkulu wawo. Makolo yang'anani mafoni.

Mnyamata wa ku Epworth: Akuluakulu ndinene chilungamo poti mwandilankhula ngati m'bale wanu. Sikuti ndimangofunsa. Ine ndimagulitsa ma charger ndi ma earphone pa Copacabana, mpamba wanga unali $60, achimwene anga a ku Joni ndi omwe anandipatsa. Sabata yathayi $45 yapita pa kandege, ndinayamba ndi $5 ndinafika $22 ndinaona ngati zatheka, kenako inayamba kutsika ndiye ndimangoika kuti ndibwerere pa $22 paja. $15 yomwe ndimati nditumize kwa wa predictor ndi yomaliza. Katundu watsala pa tebulo ndi ma cable asanu ndi atatu basi, ndipo achimwene akaimba sindikuyankha.

Achemwali a ku Highfield: Mlongo wanga imva ine. $45 ija yapita, ilire lero ithe, usaitsatire. Bambo a kwathu anatsatira $50 mpaka inakhala mazana. Iwe uli ndi $15 ndi ma cable ndi malo ako pa Copacabana, anthu ayambira pa zochepa kuposa pamenepo. Ndipo achimwene akowo uwayankhe lero lomwe, akalipa inde koma bola amve kwa iwe.

Wokonza mafoni pa Gulf: Aise mawa 8 koloko ubwere pa benchi panga, ndili floor yoyamba, ukafika undiimbire ndidzakutenga pa masitepe. Tichotse ma app onse obetchera, titseke akaunti, tiblocke wa Telegram uja, ndikuikire zotchinga ma site amenewo pa browser. Sindikulipiritsa. Ndipo pali munthu amene ndimaodako ma cable ndi ma charger pa mtengo wabwino, $15 yakoyo tikaodere limodzi mawa lomwelo isanagone pa foni usiku wina.

Mai a ku Mabvuku: Usiku uno itulutse kwa agent ikhale ya pepala, upatse munthu wamkulu amene ukukhala naye akusungire. Uli ndi ndani kunyumba?

Mnyamata wa ku Epworth: Ndimakhala ndi azakhali anga mai. Ma agent atseka kale koma ndiwapatsa foni yonseyo agone nayo

Mai a ku Mabvuku: Chita zimenezo pompano, usadikire kuti ugone kaye.

Aphunzitsi: Ndipo mphwanga usadzione ngati chitsiru. Magemu awa anawapanga anthu ophunzira kuti akugwire pomwepo, kaphokoso kaja, manambala akukwera, kuona kuti ukanadikira sekondi imodzi ukanadya kawiri, zonsezo nzadala. A World Health Organization amawerengera vuto la juga m'gulu la matenda, osati kufooka kwa khalidwe chabe. Ukaona kuti tulo sukupeza, maganizo akuchuluka, kapena ayamba kubwera maganizo oipa ofuna kudzivulaza, usakhale wekha. Kuno kuli Friendship Bench, inayambitsidwa ndi dokotala Dixon Chibanda, m'makiliniki ambiri a khonsolo muli agogo ophunzitsidwa omwe amakhala pa benchi kumvetsera mavuto a anthu mwaulere komanso mwachinsinsi. Funsa pa kiliniki yapafupi nawe. Izi ndikuuzanso aliyense amene akuwerenga mwakachetechete.

Agogo a ku Tafara: Lamulungu ubwere kuno ku Tafara udzadye nsima, tidzawaimbire limodzi achimwene akowo ngati ukuopa. Ine akandimva mawu sangakalipe kwambiri.

Mnyamata wa ku Epworth: Zikomo agogo, zikomo nonse, misozi ikutuluka. Achimwene a pa Gulf ndifika 8 isanakwane.

Dalaivala wa thiraki: Ine sindinena kuti ndasiya, ndinganame. Koma zowirikiza zija ndaziganizira, $127 ndi theka la ndalama yomwe ndimasiyira mai a kunyumba ndikamanyamuka. Aphunzitsi mundilembere ku inbox mmene ndingawonkhetsere statement ija, ndili ndi malaini awiri ndiye zimandisokoneza. Mphwanga wa ku Epworth, Lachisanu ndikudutsa mu town ndisananyamuke wa ku Blantyre, undisungire ma cable awiri a type C ndi charger ya m'galimoto ngati upeze.

Aphunzitsi: Ndikutumizirani usiku uno achimwene, ndi zophweka, mizere iwiri pa pepala, zolowa ndi zotuluka, mwezi ndi mwezi. Muphatikize malaini onse awiri ndi zomwe munaika pa Airtel Money kapena Mpamba muli kumudzi.

Telala wa ku Mbare: Nanenso munditumizire aphunzitsi ndione ya chaka chonse, ma $5 aja sindinawawonkhetsepo.

Admin: Kuyambira lero aliyense woponya link ya predictor, ma signal kapena referral code pa gulu lino tikumuchotsa osachenjeza, ma admin anzanga mwamva. Amene akufuna kulankhula za vutoli mwamseri alembere mai a ku Mabvuku kapena aphunzitsi, avomera. Komanso musaiwale zopereka za maliro a ku Dzivarasekwa, mabanja asanu ndi limodzi sanaperekebe ndipo galimoto ikufunika kulipiridwa Lachinayi.

Mai a ku Mabvuku: Za maliro zibwere za pamanja chonde, ndikhala pa Market Square mawa kuyambira 1 koloko mpaka 3.